Wapha munthu pamsewu, wamuyesanso ndani?

Wokwera minibasi kuchokera ku Chinyonga kupita ku Limbe kapena m'tauni amaika moyo wake m'manja mwa munthu amene sakumudziwa. Sangadziwe kumene dalaivalayo anaphunzira, sangadziwenso ngati chaka chatha anagunda munthu pa Chichiri kapena pa Maselema. Wokwera tingamukhululukire. Nanga boma, lomwe linapereka laisensiyo, likudziwa?

Pakachitika ngozi yoopsa mumsewu wa Masauko Chipembere, apolisi a trafiki amafika, amayeza, amalemba lipoti. Ovulala amathamangira nawo ku chipatala cha Queens. Galimoto imaunikidwa mabuleki ndi matayala, ndipo ngakhale popanda ngozi, minibasi siyenera kuyenda ilibe COF, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino. Galimoto timaiyesa mobwerezabwereza. Bwanji woyendetsa timamuyesa luso lake kamodzi, mwina zaka makumi awiri zapitazo, basi n'kumukhulupirira mpaka imvi?

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limapatsa khoti mphamvu yoimitsa kapena kulanda laisensi ya dalaivala wopezeka wolakwa. Ndiye tikufunsa a Directorate of Road Traffic and Safety Services, omwe ofesi yawo ya mu Blantyre ili pa Ginnery Corner, kufupi ndi chipatala chomwe chimalandira ovulalawo: mwa madalaivala amene makhoti a mu Blantyre anawapeza olakwa pa mlandu wopha munthu poyendetsa mosasamala, ndi angati analandidwa laisensi? Ndi angati anabwera kudzayesedwanso asanagwirenso chiwongolero? Makina awo a MalTIS amasunga chithunzi ndi zidindo za zala za dalaivala. Kodi chigamulo cha majisitireti wa ku Limbe chimafika m'makinawo, kapena chimagona mu fayilo ya kukhoti pamene dalaivalayo ali kale pa siteji kudikira apasenjala?

Kawirikawiri timamva pa wailesi kuti dalaivala walipira chindapusa, watuluka. Chindapusa chimapweteka thumba, inde, koma sichiona ngati maso a munthu anayamba kuchita khungu. Sichiona ngati amadziwa kutsika chitunda cha Magalasi ndi lole yodzaza katundu popanda kupsereza mabuleki. Banja lomwe laika maliro limabwerera kunyumba likudziwa kuti munthu yemweyo, ndi luso lomwelo kapena kusowa luso komweko, mawa anyamula ana a ena.

Ku Britain, munthu wopezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa moopsa amaletsedwa kuyendetsa, ndipo nthawi ya chiletso ikatha samubwezera laisensi chabe. Amayesedwanso, ndipo mayeso ake ndi otalika kuposa a munthu wongoyamba kumene. Khoti silichita kusankha, lamulo limalamula. Chovuta n'chiyani kuti nafenso tinene momveka kuti wapha kapena kulumaza munthu chifukwa cha kusasamala ayambirenso: kupimidwa maso, mayeso olemba, mayeso a pamsewu?

Tikudziwa yankho la madalaivala, ndipo silopanda nzeru. Si ngozi iliyonse imene wolakwa ndi woyendetsa. Pali maenje, pali oyenda pansi odumpha msewu paliponse, pali mavenda ofika mpaka m'phula ku Limbe. Koposa zonse pali tageti, ndalama ya tsiku imene mwini minibasi amafuna madzulo, kaya kunali apasenjala kaya kunalibe. Dalaivala wothamangitsidwa ndi tageti amapikisana ndi anzake kulanda anthu pa siteji yotsatira. N'chifukwa chake mayesowa akhale a amene khoti lamupeza wolakwa, osati aliyense amene tsoka lamugwera. Koma eni minibasi nawonso ayankhe: polemba ntchito dalaivala, mumafunsa mbiri yake ya pamsewu, kapena mumangofunsa ngati atha kubweretsa tageti? Bungwe la Minibus Owners Association of Malawi lili ndi kaundula wa madalaivala amene anaphapo anthu?

Pali funso lowawa kuposa onsewa. Nkhani ya madobadoba ozungulira maofesi a laisensi yalembedwa m'nyuzipepala kwa zaka zambiri. Ngati laisensi yoyamba munthu angathe kuipeza podzera kwa dobadoba, mayeso achiwiri adzatetezedwa ndi ndani? Lamulo latsopano lopanda oyesa okhulupirika lidzangokweza mtengo wa chiphuphu. Nanga a kabaza a njinga zamoto, omwe ambiri sanayesedwepo n'komwe, tidzawayesanso bwanji?

Aphungu a mu mzinda wa Blantyre amadutsa misewu yomweyi, ndipo amapita kumaliro a anthu ogundidwa m'madera awo. Ndani mwa iwo adzaimirire m'Nyumba ya Malamulo kufunsa nduna ya zamtengatenga chiwerengero cha malaisensi olandidwa chaka chatha, ndi cha madalaivala amene anayesedwanso?