KUJAMBULA MAKOMBOLA USIKU

Nkhani ya sabata ino yacokera kutsidya la nyanja, koma ine inandipeza pakhonde la mlongo wanga kumudzi. Mwana wace wamkazi, amene agwira nchito ya unamwino ku America, anasunga ndalama miyezi yambiri kuti akaone malo a zosangalatsa ochedwa Magic Kingdom, pafupi ndi mzinda wa Orlando m'cigawo ca Florida. Usiku anaonerera makombola, moto uja wa mitundu-mitundu umene amauponya m'mlengalenga, ndipo anatumiza zithunzi pa foni kuti amai ace nawonso akondwere. Mlongo wanga anaziyang'anitsitsa, natembenuza foni uku ndi uku, kenaka anandifunsa ndi mantha: "Alongo, kodi mwanayu nyumba yamupsera?"

Sindinaseke kwambiri pakuti funso linali loyenera. Pa zithunzi zonsezo panalibe cooneka koma utsi, timizere tofiira tokhota-khota ngati nyongolotsi, ndi dazi la mwamuna wina amene anaima patsogolo pace. Ulendo wotere munthu saubwereza kawiri-kawiri, ndipo cionetsero ceni-ceni sicifika ngakhale mphindi 20. Motero ndaganiza kuti lero tikambirane za luso limeneli.

Malo amenewa ndi a kampani imene anayambitsa Walt Disney. Oyamba, ochedwa Disneyland, anatsegulidwa pa 17 July 1955 ku Anaheim, m'cigawo ca California. Magic Kingdom inatsegulidwa pa 1 October 1971, mwini wace atamwalira kale mu 1966. Pakati pa malowa pali cinyumba ca nsanja zosongoka, cotalika mamita 57, ndipo makombola ambiri amaphulika kumbuyo kwace anthu ataunjikana mu msewu wa kutsogolo. Pafupi-fupi usiku uli wonse kumakhala cionetsero.

Tsono kamera ndi ciani? Ili ngati kanyumba kopanda zenera, kokhala ndi citseko cimodzi cimene cimatseguka ndi kutsekeka mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Masana kuwala n'kocuruka, ndipo citseko cikangotseguka kanthawi kocepetsetsa cithunzi cakwana. Usiku si tero ai. Kumbukirani ana akamasewera pabwalo ndi cikuni ca moto. Mwana akacizunguza msanga, inu muona mkombero wathunthu wa moto, cikhalireco khala lace ndi limodzi lokha. Kombola nalonso likaphulika limamwaza timakala tambiri-mbiri toyenda, ndipo duwa lija timalisirira ndi njira imene timakalato tadzeramo. Kuti kamera igwire njira yonseyo, citseko cace ciyenera kukhala cotsegula masekondi 2 kufikira 4, nthawi zina kuposerapo.

Bvuto lagona pomwepa. Palibe munthu, ngakhale mlenje wa dzanja lokhazikika, amene angagwire kamera masekondi 4 osagwedeza. Kupuma kokha kumakwanira kusandutsa duwa kukhala nyongolotsi. N'cifukwa cace akatswiri amaika kamera pa citsulo ca miyendo itatu cochedwa traipodi. Nzeru yace ndi yomwe ija ya mafuwa: mphika wokhala pa miyala itatu sutekeseka. Amene alibe traipodi asataye mtima. Kathumba ka mcenga kapena ka nyemba, koikidwa pa cipupa kapena pa tebulo, kamagwira kamera bwino lomwe. Ndipo popeza cala cimagwedeza kamera podinikiza batani, gwiritsani nchito kawotchi ka m'kamera komwemo, kamene kamadikira masekondi 2 cisanatseguke citseko. Ku malo a Disney ndodo zija zotalikitsira foni anaziletsa mu 2015, tsono ndi bwino kuwerenga malamulo a pacipata musananyamule katundu.

Colakwa ca mphwanga cinanso cinali kuyatsa fulashi, kanyali kaja kothwanima. Kuwala kwa fulashi kumathera pa mamita atatu kapena asanu, pamene kombola liphulikira kutali, mamita 100 kapena kuposa. Kanyaliko kanaunikira cimene kakanatha kufikira, ndilo dazi la munthu wosalakwa uja. Zimani fulashi. Moto sufuna kuunikiridwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza kuli mdima ayenera kutsegula kamera kotheratu. Iai. Mdima uli kuthambo, koma kombola lokha n'lowala koopsa. Pa kamera yokhala ndi manambala, ikani ISO pa 100, ndi kaboo kolowera kuwala pa f/8 kapena f/11. Mukacurukitsa kuwala mitundu yonse imafufuma nisanduka yoyera, ndipo mwataya cinthu ceni-ceni cimene munadzera. Mitunduyo imacokera ku mankhwala osakanizidwa ndi onga: strontium ipatsa kufiira, barium kubiriwira, sodium ya mu mcere wathu wa m'ndiwo ipatsa cikasu, ndipo mtundu wa buluu ucokera ku mkuwa, citsulo comwe cija cimakumbidwa ku Copperbelt. Buluu ndiye wobvuta kupanga ndiponso wosawala kwambiri, ndiye amayamba kuzimirira pa cithunzi copsa. Ine monga mwana wa dziko la mkuwa zimenezi zimandiwawa.

Diso la kamera nalo liyenera kulunjikitsidwa patali ndi dzanja lanu kusanade, ndipo lisiyidwe pomwepo. Mukalisiya kuti lidzisankhire lokha, limafuna-funa m'thambo lakuda osapeza pogwira, ndipo pamene lizipeza moto wazima kale. Pa foni, dinikizani cala pa cinyumba kapena nyali yakutali kwa kanthawi kufikira foni itakhoma pamenepo, kenaka tsitsani kuwala pang'ono. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi pojambulira usiku, ndipo ena amalola munthu kudzisankhira masekondi. Musakulitse cithunzi ndi zala, cifukwa kuteroko kumangokulitsa kugwedezeka.

Nanga batani tidinikize liti? Musadikire kumva kuphulika. Nonse mudziwa kuti munthu akamadula mtengo kutsidya kwa dambo, mumaona nkhwangwa itagwa kale mau ace asanafike m'khutu. Mau amayenda mamita 340 pa sekondi imodzi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo. Wodikira khutu amajambula phulusa. Yang'anani kamzere ka moto kokwera kumwamba, ndipo tsegulani citseko kakali kukwera. Makamera ena ali ndi cilembo B, cimene cimasiya citseko cotsegula nthawi yonse imene mwagwira batani. Akale ankaphimba diso la kamera ndi pepala lakuda pakati pa kombola ndi linzace, kotero kuti maluwa atatu kapena anai ankalowa pa cithunzi cimodzi. Luso limenelo likali kugwira nchito mpaka lero.

Mdani wamkulu ndi utsi. Mu 2004 a ku Disneyland anayamba kuponya makombola ndi mpweya wopanikizidwa m'malo mwa onga kuti utsi ndi phokoso zicepe, komabe kuphulika kwa kumwamba kumasiya utsi wace. Imani pamene mphepo ikuombani kumsana, kuti izikankhira utsi kutali ndi inu. Zithunzi zoyera bwino zimapezeka m'mphindi zoyambirira thambo lisanade. Kumapeto amaponya makombola ambiri nthawi imodzi, anthu n'kumakuwa, ndipo aliyense amakweza foni yace. Kwa wojambula imeneyo ndi nthawi yobvuta kuposa zonse: cepetsani nthawi kufika pa sekondi imodzi ndi kufinya kaboo pa f/16, apo ai mupeza cigamba coyera ngati ufa.

Pali cina cimene ine ndimaumirira ngakhale ena atsutse. Cithunzi ca makombola okha-okha sicinena kumene munali. Cingakhale ca ku Florida, cingakhale ca kuseri kwa sitolo. Ikanimo cinyumba cija, mtengo, madzi onyezimira kapena mitu ya anthu yooneka ngati zithunzithunzi zakuda kunsi kwace. Kuti mupeze malo otere muyenera kufika ora lathunthu cionetsero cisanayambe, ndi kusaima pafupi kwambiri, cifukwa woyandikira cinyumba amapeza kuti nsanja zace zabisa moto. Ife amene tinakula ndi filimu ya zithunzi 36, tikumadikira masabata kuti itsukidwe, tinaphunzira kuganiza tisanadinikize. Lero mungathe kuyang'ana cithunzi coyamba pomwepo, kukonza manambala, n'kuyesanso.

Si tonse tidzaponda ku Orlando, koma njira yomweyi imagwira pa makombola a Caka Catsopano ku Chipata kapena ku Lusaka, pa mphenzi za mvula yoyamba mutakhala m'nyumba, ndi pa lupsa loyenda m'phiri usiku. Cokhaco, makombola asayandikire denga la udzu kapena nkhokwe, ndipo asakhale m'manja mwa ana.

Mphwanga ndamulembera zonsezi, ndipo wayankha kuti: "Amalume, ndamva, ndidzayesa pa 4 July," tsiku limene a ku America amakumbukira ufulu wao wa mu 1776 ndi makombola m'mizinda yonse. Kathumba ka nyemba akuti wasoka kale.