Wapolisi watsopano asamasiyidwe yekha

Poyendera alimi ndimamva dandaulo limodzi kawirikawiri. Mbuzi ikabedwa usiku, mlimi amathamangira kupolisi n'kupezako mnyamata wongotuluka kumene kusukulu ya upolisi. Malamulo amawadziwa, koma saganiza zofunsa maonekedwe a chiwetocho kapena zopita kumsika wapafupi kumene akuba amakagulitsa. Pofika mawa, mbuzi ija yasanduka kanyenya.

Wolakwa si mnyamatayo. Mumzinda wa San Jose ku America, apolisi adayamba njira ina mu 1972. Wapolisi wodziwa ntchito amayamba waphunzitsidwa kaye kuphunzitsa mnzake. Kenaka amayenda ndi watsopanoyo pantchito, n'kumalemba lipoti tsiku lililonse la zimene wakhoza ndi zimene walakwa. Aphunzitsiwo amasinthana kuti mnyamatayo asaweruzidwe ndi munthu mmodzi.

Ine ndikuti kwathu kunonso zimenezi zikhoza kutheka. Koma posankha aphunzitsi asayang'ane zaka za ntchito zokha, chifukwa wakale wokonda ziphuphu adzaphunzitsa ziphuphu zomwezo. Alimi anzanga, nkhaniyi tiikambe pamisonkhano ya chitetezo cha m'mudzi, akuluakulu a polisi ali pomwepo. Paja m'mera mpoyamba.