Zipolopolo Zinasowa ku America: Kodi Anthu Ankaopa Chiyani?

Kunsi kwa chipolopolo kuli kachitsulo kozungulira, pafupifupi theka la sentimita m'lifupi, kotchedwa primer. Kamsomali ka m'kati mwa mfuti kakagogoda pamenepo, moto umathetheka n'kuyatsa wonga. Popanda kachitsuloka, mfuti siingalire. Kuyambira 2020, tizitsulo timeneti tinasowa m'masitolo a ku America kwa zaka ziwiri ndi kupitirira. Bokosi la tizitsulo 1,000, lomwe linkagulidwa madola 30 kapena 40, linadutsa madola 100, ndipo kulipeza kunali kwamwayi.

Kodi mafakitale anagona? Ayi, ambiri ankagwira ntchito usana ndi usiku. Koma tizitsulo tomwe ankapanga tinkayamba tapita ku zipolopolo zawo zogulitsa. Mlenje amene amatola makhoko a zipolopolo n'kumawadzazanso kunyumba kuti apulumutse ndalama ndiye anatsala manja lende.

Nanga ankagula zonsezi ndani? M'chaka cha 2020 chokha, bungwe la FBI linafufuza mbiri ya anthu pa nkhani za mfuti maulendo oposa 39 miliyoni. Bungwe la amalonda a mfuti la NSSF linati anthu oposa 8 miliyoni anagula mfuti koyamba m'moyo wawo. Chinali chaka cha Covid-19, cha zionetsero zotsatira kuphedwa kwa George Floyd ku Minneapolis, komanso cha chisankho chowawitsa mitima. Aliyense ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno: wofuna bokosi limodzi ankanyamula onse amene wapeza, ena n'kukagulitsanso pamtengo woboola m'thumba. Kodi si mantha a kusowa amene anabala kusowako?

Sikunali koyamba. Zinachitikanso Barack Obama atapambana mu 2008, ndiponso mu 2013, ana asukulu ataphedwa ku Sandy Hook, pomwe kunamveka zoti malamulo a mfuti akhwima. N'chifukwa chiyani dziko likagwidwa ndi chisoni kapena mkangano, mzere umatalika pasitolo ya mfuti? Ndani amapindula anthu akamakhulupirira kuti mawa boma liwalanda zida?

Funso lina lipite kwa oyang'anira mpikisano wa malonda. Mayina akuluakulu opanga tizitsuloti ndi anayi: Federal, CCI, Remington ndi Winchester. Remington itagwa ndi ngongole mu 2020, fakitale yake ya ku Lonoke, Arkansas, inagulidwa ndi Vista Outdoor, yomwe inali kale mwini wa Federal ndi CCI. Mu 2024, atatu onsewo anapita m'manja mwa Czechoslovak Group. Kodi n'chanzeru kuti katundu amene apolisi, alenje ndi amasewera owombera onse amadalira akhale m'manja mwa eni awiri okha?

Koma funso lolemera kwambiri ndi ili. Mu 2021, pomwe anthu ankadandaula kuti zipolopolo kulibe, anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikolo, ndipo oposa theka anadzipha okha. Ngati mfuti zinagulidwa kuti ziteteze mabanja, bwanji maliro anachuluka?

Mlenje ali ndi ufulu wodandaula za mtengo, ndipo ayenera kumvedwa. Koma kumanga fakitale yatsopano sikungachotse mantha amene anakokolola katundu m'masitolo. Andale ndi amalonda amene amakolezera manthawo ayankhe poyera: adzasiya liti kudyera pa anthu oopana okhaokha?