Amene Anamudya Wamoyo Freddie Mercury Ndiwo Akubuma Pamaliro

Mlamu wanga wa ku Leeds anandibweretsera magazini yonenepa, ya mapepala oterera, yonse yokamba za gulu la Queen. Pachikuto pali Freddie Mercury, ndevu zapamlomo zija, jekete yachikasu, chibakera m'mwamba. Mkati mwake ndi matamando okhaokha: mfumu, katakwe, mawu osowa ofanana nawo. Ndinawerenga masamba angapo n'kuiponya pampando. Freddie ndimamukonda kwabasi, koma sindipirira anthu olira mokweza pamaliro a munthu amene ankamulavulira ali moyo.

Atolankhani a nyimbo a ku Britain ndi ku America akuganiza kuti tinaiwala. Mu 1977 nyuzipepala ya NME inacheza ndi Freddie, kenako pamwamba pa nkhaniyo inaika mutu wofunsa ngati munthuyu ndi chitsiru. Tangoganizani, mlendo mwamulandira, mwacheza naye, iye n'kukalengeza kumsika kuti mutu wanu sukoka. Mu 1979 Dave Marsh, polemba mu Rolling Stone za chimbale cha Jazz, anafika ponena kuti mwina Queen ndilo gulu loyamba la rock lachifasisti chenicheni. Chifasisti! Ponena za gulu limene woimba wake anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake Farrokh Bulsara, mwana wa Aparsi ochokera ku India, amene banja lake linathawa zipolowe za mu 1964 n'kukakhala ku Feltham, kumene khungu ngati lake silinkalandiridwa ndi manja awiri.

Nanga analakwanji? Nyimbo sizinali mlandu weniweni. Mlandu unali woti anyamatawa sankachita manyazi ndi luso lawo. Nthawi imeneyo punk inali itangobuka, ndipo atolankhani, ambiri a iwo ophunzira bwino ndithu, ankafuna woimba wong'ambika buluku, wodziwa makodi atatu, wolavula pasiteji. Apa kunabwera Brian May wa digiri ya physics ku Imperial College, Roger Taylor amene anayamba waphunzira za mano, John Deacon wa zamagetsi, ndi Freddie wovala zothina za ovina ballet, akusakaniza opera ndi magitala. Kwa akuluakulu a zolemberawo kumeneku kunali kudzimva. Anaweruza zovala, makutu atasiya kunyumba.

Anthu wamba sanafunse chilolezo kwa aliyense. Bohemian Rhapsody, nyimbo ya mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi imene ambiri ankati wailesi siingaiulutse, inakhala pa nambala wani ku Britain masabata asanu ndi anayi kuyambira kumapeto kwa 1975. Chimbale cha Greatest Hits cha mu 1981 ndicho chagulidwa kwambiri kuposa china chilichonse m'mbiri ya dzikolo. Wogula ankavota ndi ndalama yake, wolemba ankavota ndi nsanje.

Za nyuzipepala zamiseche ndiye musachite kufunsa. Freddie atayamba kuwonda, ojambula anamanga msasa kunja kwa mpanda wa nyumba yake ya Garden Lodge ku Kensington, kudikirira chithunzi cha munthu wodwala ngati miimba pamtengo. Pa 23 November 1991 analengeza kuti ali ndi Edzi. Mawa lake anamwalira. Sabata isanathe, inki yomwe ija inasanduka misozi.

Koma apa ndiime kaye, chifukwa okonda Queen anzanga akuwomba m'manja msanga. Pali malo amodzi pamene atolankhani akale aja anamenya pa mutu wa njoka, ndipo ndi malo omwewo amene olemba a masiku ano amawalambalala. Mu October 1984 Queen inakaimba ku Sun City, ku Bophuthatswana, kadziko kabodza kamene boma la tsankho la South Africa linapanga pofuna kulanda anthu akuda unzika wawo. Bungwe la United Nations linali litapempha oimba kuti asapondeko phazi. Nelson Mandela anali m'ndende. M'makomboni a ku Vaal apolisi anali akuwombera anthu kuyambira September. Queen inapita, inaimba, inalandira ndalama. Bungwe la oimba la ku Britain linawalipitsa chindapusa, United Nations inawalemba pa mndandanda wa ophwanya pangano, ndipo nyuzipepala za nyimbo zinawakalipira kolimba. Zinachita bwino.

Iwo anadziteteza kuti si andale, kuti owonerera anali osakanikirana mitundu, kuti anathandiza sukulu ya ana osamva. Zifukwa zogwira mphepo. Tikiti ya ku Sun City ankaigula ndani? Wogwira ntchito mumgodi wogona m'hositela? Ife Amalawi tisalankhule modzitukumula pa nkhaniyi, poti boma lathu linali pa ubale ndi Pretoria kuyambira 1967, pamene anzathu ambiri mu Africa anatseka zitseko. Komabe mlandu suola, ndipo mawu okoma a woimba sangaufafanize.

Tsono onani filimu ya Bohemian Rhapsody ya mu 2018, imene inapatsa Rami Malek mphoto ya Oscar. Imaonetsa atolankhani ngati afisi ozinga Freddie ndi mafunso amwano, ndipo pamenepo sinaname. Imathera pa Live Aid, pa Wembley, 13 July 1985, Freddie akugwedeza bwalo lonse kwa mphindi makumi awiri pothandiza anjala a ku Ethiopia. Miyezi isanu ndi inayi yokha kuchokera ku Sun City! Za ulendo umenewo filimuyo inangoti ziii. Atolankhani akale ananyoza mopanda kumvetsera, a lero akutamanda mopanda kukumbukira, ndipo ulesi wake ndi umodzi womwewo.

Madzulo ndinaitola magazini ija pampando, n'kuyamba kusaka dzina la Sun City tsamba ndi tsamba, chala chili pamalovu. Ndinalipeza chakumapeto, m'mizere itatu ya zilembo zing'onozing'ono, pansi pa chithunzi chachikulu cha Freddie atanyamula mphaka wake.