Nsanje Yatopa N'kukhala Khomo la Eni

Kwa zaka zoposa 100, aliyense wobwera ndi maloto otukula tawuni ya Nsanje wakhala akuiona ngati khomo lodutsira katundu. Atsamunda anaitcha Port Herald, ndipo sitima zapamadzi zochokera ku Chinde zinkatsitsa katundu pamenepa. Njanji yokwera ku Blantyre, yomwe inatha mu 1908, inamangidwa kuti izitulutsa zokolola za m'minda ya Azungu kumtunda. Madzi a Shire atayamba kuvuta, njanji ija anangoipitiriza kuloza ku Zambezi, dzina la doko n'kutsala lopanda sitima.

Pa 23 October 2010 maloto aja anabweranso. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira Nsanje World Inland Port pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Bwato lonyamula feteleza limene khamu linkadikira silinafike, poti boma la Mozambique linaligwira ponena kuti pafunika kafukufuku kaye. Nkhaniyi ambiri amaikamba moseka. Chimene ine chimandiwawa n'china: pa nthawiyo dziko lino linalibe makhansala. Kuyambira mu 2005 mpaka 2014 mipando yawo inali yopanda anthu. Ndiye kuti mabanja ankasuntha kupereka malo a doko, mzinda wamakono ukulonjezedwa, popanda munthu wosankhidwa m'dera woti aimirire mu khonsolo n'kufunsa kuti, "Nanga ife tipindulapo chiyani?"

Wodziwa malowa akadafunsa za madzi poyamba. Boma la Nsanje linapanikizika pakati: kum'mawa kuli Shire, yemwenso ndi malire athu ndi Mozambique, kumadzulo kuli mapiri a ku Chididi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi ake amathera m'chigwa muno. Tinaziona mu January 2015, tinazionanso mu 2019, mu 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu March 2023 ndi Freddy. Anthu akumtunda amafulumira kunena kuti a kuchigwa ndi osamva, amakana kusamuka kuti azilandira thandizo. Mawu otere amalankhula ndi munthu amene sanaonepo chimanga ndi mbatata za m'dimba madzi akaphwera, m'dera limene mvula ya kumunda siidalirika. Dothi lomwe limawamiza ndi lomwelo limawadyetsa.

Komatu tawuniyi ili ndi moyo wakewake umene mapulani a ku Lilongwe saona. Pamsika Chisena, Chimang'anja ndi mawu obwereka ku Chipwitikizi zimayendera limodzi, ndipo mabwato amaolotsa anthu kupita kutsidya tsiku ndi tsiku popanda nduna yodula riboni. M'zaka za m'ma 1980 anthu omwewa analandira othawa nkhondo ya ku Mozambique miyandamiyanda, ambiri mwa iwo abale awo enieni. Ku Khulubvi kuli kachisi wa Mbona, amene wakhala akusonkhanitsa mafumu kuyambira kale Port Herald isanabadwe. Ngati wophunzira zinenero, ndimadabwa kuti zikalata zokhudza malo a anthuwa zimalembedwa m'Chingerezi, pamene agogo amene malo awo akukambidwawo amaganiza m'Chisena.

Sindikukana njanji ayi. Chikokolokereni mlatho wa ku Chiromo mu 1997, Bangula inazilala ndipo mitengo ya katundu kuchigwa inakwera. Sitima itafika ku Marka mu 2024 kuchokera ku Beira ndinakondwa nawo. Koma paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mafuta odutsa pa Marka akupita ku Blantyre. Za mayi wogulitsa nsomba pa Nsanje ndi ngalande zochotsa madzi pamsika, khoma lotchinga mtsinje, ndi malo okwera oti banja limangepo nyumba koma dimba lake osalandidwa. Zimenezi makhansala athu aziike pa bajeti ya khonsolo, ndipo tsiku lokambirana bajetiyo alilengeze m'Chisena pa wailesi za m'dera, kuti eni tawuni akakhalepo.