Wopikulitsa katundu wakunja: Phindu lake lili m'manja mwa dola

Pa Jenda, Mponela, Lunzu kapena Luchenza sipasowa mwini sitolo amene watopa ndi kuwerenga phindu la mbale imodziimodzi. Maso ake ali pa sitepe ina: kuitanitsa katundu kwa makampani akunja n'kumapikulitsa kwa anzake a masitolo ndi maokala.

Maganizowa sadagwe kumwamba. Malawi atapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda amene ankathera ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena Dubai adayamba kufika ku Guangzhou ndi Yiwu. Mu 2012, amalonda a ku Karonga ndi madera ena atadandaula, boma lidalamula kuti amalonda akunja azichita bizinesi m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba basi. Apa mpata wotumikira misika ya m'maboma udatsalira Amalawi. Lero foni ya WhatsApp ikukwanira kuona katundu ndi kunenerera mtengo osakwera ndege.

Koma walira mvula walira matope. Wa sitolo amaoda ndi kwacha, kugulitsa ndi kwacha, ndipo madzulo ndalama ili m'thumba. Wopikulitsa katundu wakunja amalipira madola. Makampani ambiri amafuna chikole asanayambe kupanga katunduyo, ndi zotsalazo asanamukweze, ndipo salola kuoda pang'ono.

Kenaka pamabwera kudikira. Kontena imatha masabata ambiri panyanja isanafike ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, n'kuyambanso ulendo wapamtunda kudzera pa zipata monga Songwe, Dedza ndi Mwanza. Pachipata pali msonkho wa MRA ndi malipiro a ejenti woombola katundu, ndipo katundu wina amayenera kuunikidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Akafika, a masitolo ambiri amatenga pangongole.

Nthawi yonseyi mpamba uli panjira, ndipo kwacha siyimuyembekeza. Mu May 2022 ndalamayi idatsika mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsikanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tanthauzo lake n'loti amene adakongoza katundu wa K11.8 miliyoni akuwerengera madola 10,000, atatolera ngongoleyo adapeza kuti siyikwananso madola 7,000. M'buku akuoneka kuti wagulitsa bwino, koma kontena yachiwiri sangaidzadze.

Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki nako kudakankhira ambiri kwa osintha ndalama a mumsewu, kumene mtengo udakwera kuposa wa kubanki. Zotsatira zake zidaonekera mu February 2025 pamene mavenda a kaunjika adachita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, kudandaula kukwera mtengo kwa mabelo. Mwezi wotsatira, unduna wa zamalonda udaletsa kuitanitsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza opanga a konkuno. Choncho lamulo nalo likhoza kusintha katundu ali panyanja.

Ena amasankha kukhala mkhalapakati chabe: amasonkhanitsa maoda ndi ndalama za eni masitolo, iwo n'kulandira komishoni. Mpamba wawo suli pachiswe, koma dzina lawo ndilo chikole. Katundu akafika wosiyana ndi sampulo, okwiya sapita ku Guangzhou. Amagogoda pakhomo pa amene adalandira ndalama. Komanso kasitomala wamkulu akadziwa nambala ya kampani, mkhalapakati amatsala padzuwa.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi njotseka. Amene amalimba ndi amene sathamangira kutseka sitolo, poti ndiyo imabweretsa ya ndiwo ndi fizi katundu akadali panjira. Amayamba ndi kugawana kontena ndi anzawo, amaitanitsa mtundu wa katundu umene adauzolowera pakauntala, amalembetsa bizinesi ndi kusunga malisiti, ndipo amaika mtengo poona ndalama zimene adzaodere mawa, osati zimene adaodera dzulo.

Banja lisanagulitse ng'ombe kapena kupinyolitsa nyumba, funso loyamba lisakhale la phindu pa katoni. Likhale loti madola achokera kuti, pamtengo wanji, ndipo pakhomo padya chiyani miyezi imene kontena ili panjira.