Pampando wa Oweruza Pakhale Anthu Osiyanasiyana

Kwathu ku Dedza, m'mapiri momwe timalima mbatata ya kachewere, munda umatsata mayi. Mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi ngati mkamwini. Choncho bambo anga aang'ono atamwalira, tinadabwa abale awo atabwera kudzalanda dimba la mayi anga aang'ono. Nkhaniyi inakafika kukhothi.

Kumeneko malume anati iwo ndi mwini mbumba. Wotanthauzira anamasulira mawuwa m'Chingerezi ngati kuti dimbalo ndi la malumewo. Woweruza, yemwe anali mayi, anamuimitsa. Anafotokoza kuti mwini mbumba amangoyang'anira alongo ake ndi ana awo, koma nthaka ndi ya alongowo. Mayi anga aang'ono akulimabe dimba lija. Kodi pakanakhala munthu wosadziwa chikamwini, zikanatha bwanji?

Maganizo anga ndi akuti oweruza milandu azichokera m'magulu onse a Amalawi: amayi ndi abambo, okulira kumudzi ndi m'tawuni, odziwa chikamwini ndi odziwa malowolo. Lamulo limalembedwa m'Chingerezi, koma milandu imabadwira m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina. Woweruza amamva bwino zomwe moyo wake unamuphunzitsa.

Mbiri ikuonetsa kuti tayenda pang'onopang'ono. Dziko lino linalandira ufulu mu 1964, koma mayi woyamba kukhala jaji wa bwalo lalikulu, a Anastasia Msosa, anasankhidwa mu 1992. Iwo omwewo ndiwo anakhala mayi woyamba kutsogolera mabwalo onse monga Jaji Wamkulu mu 2013. Mwa majaji asanu omwe anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, mayi anali mmodzi yekha, a Ivy Kamanga. Chonsecho lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, mbali imodzi isachepere 40 pa 100 alionse.

Ena amati chofunika ndi maphunziro basi. Akunena zoona ndithu, ndipo mbiri ikuwavomereza. Mu 1983 a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anaweruzidwa kuti aphedwe m'bwalo lamakolo momwe munkakhala mafumu, komanso sankaloledwa kukhala ndi loya. Kufanana ndi anthu pakokha sikubweretsa chilungamo ngati woweruza alibe ufulu kapena sadziwa malamulo. Koma lero amayi ndi ana a alimi odziwa bwino malamulo alipo ambiri. Sitikupempha kuti muyeso utsitsidwe ayi, koma kuti osankha aziyang'ana mbali zonse.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la chilungamo nalo ndi lolemera. Mayi wa ku Bembeke akalowa m'khothi, azikhala ndi chikhulupiriro choti mawu ake amveka monga momwe iye wawayankhulira.